Apongozi a M'foni

Masiku ano ndikumvera mtsikana wina wa ku Kabwe amene amajambulira nyimbo zake m'bafa. Akuti m'nyumba mwawo monse ndi m'bafa mokha momwe mawu amamveka bwino, ndipo m'nyimbo yake yachitatu, ukatchera khutu, umamva dontho la madzi likugwera m'ndowa. Alibe kampani yomugulitsira nyimbo, pa wailesi sanamvekepo. Ife omumvera titati tisonkhane tonse sitingadzaze minibasi, kondakitala angatiuze kuti tidikire kaye ena. Ndikumveranso amuna awiri apachibale a ku Chipata. Wina amaliza kalimba, wina gitala ya zingwe zinayi, chifukwa ziwiri zinaduka ndipo anaona kuti zili bwino choncho. Oimba otere ndiwo anga. Akangotchuka n'kuyamba kumveka m'mabala a m'mbali mwa msewu, ndimawasiyira eni ake.

Ndiye pali bambo wina wa m'mafilimu. Si wotchuka. Amasewera ngati mlongo wa mkwatibwi, woyendetsa takisi, mnzake wa munthu wofunika, ndipo kawirikawiri amafa filimu isanafike pakati. Ndi woonda, ali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo. Ndikudziwa mmene amagwirira kapu, ndi manja onse awiri ngati akuopa kuti wina amulanda. Ndikudziwa kuti akafuna kunama m'filimu amayamba wakanda khutu lakumanzere. Nkhope yake ili pagalasi la foni yanga, ichi ndi chaka chachinayi.

Mukamva choncho mungaganize kuti ndimasangalala nazo. Kale ndinkasangalala. Tsopano ndimazimvera monga anthu amamwera mankhwala a shuga, pa nthawi yake, osayembekezera kukoma. Zonse zili zii. Koma sindinasiye, ndipo pali chinthu chokhudza foni imeneyi chimene ndinabisira mkulu wanga kuyambira Okutobala mpaka Juni.

Tinabadwa awiri, tonse akazi, kufupi ndi Shikabeta. Mkulu wangayo, amene ndimamutcha ba sisi, anatsala kumudzi, anakwatiwa, amalima chimanga ndi mtedza pafupi ndi munda wa amai. Ine amalume ananditenga ndili giredi folo kukaphunzira ku Lusaka. Rufunsa itakhala boma payokha, ndinapeza ntchito yosunga mafayilo pa ofesi ina pabomapo. Amai anavina atamva, ati mwana wabwerera pafupi. Kufupikako n'kwa pakamwa chabe. Ukachoka pa tala pali ulendo wa fumbi umene nthawi ya mvula galimoto imaukana.

Paboma palibe chochita ukaweruka. Anzanga a mu ofesi mitima yawo ili ku Lusaka, Lachisanu likafika masana amakhala ataimirira kale pamsewu ndi zikwama. Mabasi akuluakulu a ku Chipata amadutsa ngati atikwiyira. Ine ndinkatsala, n'kuvala mahedifoni. Umu ndi mmene oimba anga anandipezera.

Kwathu kumudzi netiweki imapezeka pamalo amodzi, pamwamba pa chulu chachikulu kuseri kwa mjigo. Ndinawagulira amai kafoni ka mabatani. Sankaimba nako, ankapeja: kuliza kamodzi n'kudula. Lamulo lake aliyense amalidziwa, ngakhale silinalembedwe. Wa malipiro ndiye amapejedwa, ndipo akapejedwa amaimba pompo, chifukwa wopejayo waima padzuwa pamwamba pa chulu, foni ili m'mwamba ngati akuyitana mvula.

Khirisimasi ina ndili kumudzi, tinakhala pamphasa atatu, foni yanga ili pakati. Inayaka yokha, nkhope ya bambo uja n'kuonekera. Amai anaisuzumira.

"Nanga uyu ni ndani?"

"Ni mwamuna wanga," ndinatero, kungoseleula.

Amai anadzidzimuka ngati apondera moto. Anatembenukira kukhoma, anakokera chitenje kumaso, n'kuyamba kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwachoma bwanji apongozi? Pepani, sininadziwe kuti muli pano."

Ba sisi anaseka mpaka kugona chagada. Kwathu mayi sayang'anizana ndi mkamwini wake, sadya naye mbale imodzi, ndipo m'chipinda chake salowamo ngakhale nyumba ikupsa. Amai anachita zonsezo kwa munthu wa pagalasi. Tsiku lonse limenelo foni ikayaka ankatembenuka. Madzulo anandiuza kuti ndiifunditse nsalu, apongozi angazizidwe.

Kuyambira pamenepo, ndikawaimbira sankayamba ndi ine.

"Apongozi bali bwanji? Ubauze kuti munda ukali kubayembekeza, khasu nabasungila."

Ndinkadziwa funso lenileni limene linali pansi pa nthabwalayo. Ndinali nditadutsa zaka makumi atatu, wopanda mwamuna, wopanda mwana. Amai sanandifunsepo mwachindunji ngakhale kamodzi. Ankangofunsa za apongozi, ine n'kuyankha kuti ali bwino, angofa dzulo m'filimu ina koma adzuka.

Vuto la kupeja n'lakuti limadula nyimbo. Uli pakati pa malo amene wakhala ukuwadikira, woimba wangokoka mpweya kuti akweze mawu, basi foni yalira kamodzi, nyimbo yaima. Ukaimba, nkhani yake ndi ya mbuzi ya aneba imene yalowa m'dimba, kapena feteleza wachedwa, kapena kungofunsa ngati wadya. Ndinkakwiya. Ndikunena poyera, ndinkakwiya ndi amai anga chifukwa cha gitala ya zingwe zinayi.

Kenako ndinatulukira kandege. Pafoni pali kachizindikiro ka ndege, ukakadina foni imaleka kulandira chilichonse, koma nyimbo ndi mafilimu amene unasunga zimasewerabe. Ndinkati ndaikweza ndege. Poyamba ndinkaikweza kwa nyimbo imodzi. Kenako kwa nyimbo zonse za woimba mmodzi. Pomaliza Loweruka lathunthu foni yanga inkakhala m'mwamba, ine ndili pabedi chitseko chotseka. Ndinkadziuza kuti ndikusunga batire chifukwa magetsi amavuta. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Loweruka limenelo linali la mu Okutobala, kutentha kwake kofewetsa tala. Dzulo lake ndinali nditadawuniloda filimu yatsopano ndi intaneti ya ku ofesi. Inali yoyamba imene bambo uja anapatsidwa mbali yaikulu, ndipo anthu ankati safamo. Ndinachapa zovala m'mamawa, ndinayanika, ndinaikweza ndege. Ndinaonera filimuyo. Safadi. Ndinaibwereza. Kenako ndinabwereza malo amodzi okha, pamene amakhala pasitepe akusenda lalanje osalankhula, mwina kasanu.

Ndinaitsitsa ndege dzuwa litapendeka. Unalowa uthenga uja umene umabwera wokha, wonena kuti nambala yakutiyakuti inakufunani. Inali ya amai. Inandifuna kanayi, kuyambira cha m'ma leveni mpaka dzuwa lili paliwombo. Amai sankapeja kanayi. Ankapeja kamodzi, akachulutsa kawiri, n'kutsika.

Ndinaimba. Anayankha mzimayi wachizungu uja wa m'foni kuti nambalayo sikupezeka. Anali atatsika kale pachulu. Ndinati ndidzayesa mawa. Ndinaphika mpunga, ndinadya, ndinatsuka mbale. Tsoka silinunkha.

M'mawa mwake ndikusita diresi ya kutchalitchi, foni inalira. Sinadule. Inalira, inalira, nambala yachilendo. Anali ba sisi, pafoni ya aphunzitsi a kumudzi. Munthu wa kwathu akaimba osapeja, usafunse. Anati amai chifuwa chinawagwira kuyambira Lachisanu, ankapuma mobanika. Dzulo ankandifuna kuti nditumize galimoto iwatengere kuchipatala cha paboma. Atalephera kundipeza, anadikira kuti kuche, anawakweza pangolo kupita ku kachipatala kapafupi. Anamalizikira panjira.

Aneba anga paboma ali ndi kavani, ndipo akanapita ndikanawapempha. Ngati galimotoyo ikanawapulumutsa amai, sindikudziwa. Mnzanga wina namwino ndinamufunsa mozungulira ngati nkhani ya munthu wina, anati mwina inde, mwina ayi. Ndinamaliza kusita diresi ija. Ndikukumbukira kuti ndinasita ndi lamba wake.

Pamaliro kwathu mwana wamkazi safika chete. Umayamba kulira uli panjira, anthu akumve usanaoneke, azimayi a m'nyumba n'kukulandira ndi kulira kwawo. Ndinatsika galimoto, ndinamanga chitenje, ndinatsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. M'mutu mwanga munkalira kanyimbo ka pamapeto pa filimu ija, kakubwerezabwereza. Ndinadzifunditsa chitenje kumutu n'kumagwedeza mapewa. Chimene ndimachita nacho manyazi kwambiri ndi ichi: ndinakumbukira mmene bambo uja amalirira m'mafilimu, nkhope osaisuntha, khosi lokha likugwira ntchito, ndipo ndinamutsanzira. Azimayi anandigwira mbali zonse, ati mwanayu walira mpaka mawu atha.

Tsiku lachiwiri tili m'nyumba ya siwa, azakhali anandiyandikira.

"Iwe, amako anakupeja kangati konse. Sunaimve foni?"

Ndisanatsegule pakamwa, ba sisi anayankha ali kuseri kwanga.

"Ni netiweki ya ku boma, ba tete. Imavuta maningi."

Azakhali anavomera, ati zoona, mafoni amasiku ano. Azimayi ena anaonjezapo nkhani zawo za netiweki. Ine ndinagwedeza mutu. Chinsanja cha netiweki ya paboma ndimachiona ndili pawindo la chipinda changa.

Ndinabwerera kuntchito. Munthu angaganize kuti foniyo ndinaiponya m'chimbudzi, kapena kuti ndinafufuta nyimbo zonse. Ayi. Tsiku lomwe ndinafika ndinavala mahedifoni. Mtima unali utachita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, ndipo ndinkayembekezera kuti nyimbo ina idzaudzutsa. Ndinafunafuna oimba atsopano, osadziwika kuposa akale, mpaka ndinamupeza wa m'bafa uja. Ndinaphunzira dzina la sukulu imene bambo wa m'mafilimu anaphunzirako, ndi chakudya chimene sadya. Ndinkalemba pansi pa nyimbo za anthu kuti iyi yandiliza. Palibe inandiliza.

Uthenga uja wa kanayi sindinaufufute. Ndinkautsegula nthawi ya nkhomaliro, n'kuwerenga maola akewo, n'kuutseka. Sindinkamva kanthu, ndinkangoona kuti ulipo.

Kafoni ka amai kanatsala ndi ba sisi. Miyezi yonseyo sanandipeje ngakhale kamodzi. Akakhala ndi nkhani ankatuma munthu wobwera kuboma, atamangira mtedza pang'ono m'kapulasitiki. Ndinkadziuza kuti ndi chisoni, kapena ntchito za kumunda. Koma mantha anga anali amodzi: kuti tsiku limene adzadziwe zoona, ndidzakhala nditataya amai ndi mkulu wanga yemwe. Tinatsala awiri basi. Bodza la netiweki ndilo linkatigwirizanitsa, ndipo sindine ndinalinena, ndinangolilandira ngati mphatso yosandiyenera.

Mu Juni ndinatenga tchuthi n'kupita kukathandiza kukolola. Tsiku lachitatu masana tinakhala pansi pa mtengo wa mango tikuthothola mtedza, mulu wa mitengo yake uli pakati pathu, dengu lili pambali. Alamu anga, amuna a ba sisi, anali atapita kumunda wa chimanga. Tinkalankhula zapatalipatali, za mbewa zimene zinadya mbali ya kumunsi, za mtengo wa matumba. Foni yanga inali pamphasa. Inayaka kundiuza kuti batire ikutha, nkhope ija n'kuonekera.

Ba sisi anaiyang'ana.

"Alamu ba mu foni bakali moyo?"

Anafunsa mosaseka, manja akuthotholabe. Sindikudziwa chifukwa chake mawu anatulukira pamenepo. Sindinakonzekere, ndipo sanatuluke ndi misozi. Anatuluka ngati ndikuwerenga nambala ya fayilo.

"Ba sisi, siinali netiweki."

Anapitiriza kuthothola, ine n'kuonjezera.

"Ninaitseka neka foni. Ninali kutamba filimu. Kucokela m'mawa mpaka m'madzulo."

"Nidziwa."

Anaponya mtedza m'dengu, n'kutenga mtengo wina.

"Uganiza ise ba kumunzi sitidziwa foni? Netiweki ikavuta, foni imankhala cabe zii. Tsiku lija mzungu uja wa mu foni anali kukamba bwinobwino kuti foni ni yozima. Olo cizungu sinicimva, mau aja niyadziwa."

Kenako anandiuza zimene sindinafunsepo munthu aliyense, zimene zinachitika pachulu. Anati iye ankafuna kupita yekha, amai atsale agone. Amai anakana, ati mwanayo akamva mawu anga ndi mmene ndikupumiramu ndiye athamanga. Anayenda mopumira mpaka kumjigo. Chulucho anachikwera chokwawa, ndi manja. Anapeja koyamba, anadikira. Kachiwiri. Dzuwa linali litakwera, pachulu palibe mthunzi.

"Pa kacitatu ine ninakalipa," anatero ba sisi. "Ninakutukana. Sinizabweza mau amene ninakamba. Pa kacinai amai ananigwila kwanja."

"Anati ciani?"

"Anati, usamutukane mwana. Lelo ni pa Ciwelu, ali na apongozi. Manje ine ningangene bwanji mu cipinda ca apongozi? Tiye, niselutse."

Anati amai ananena akuseka, dzanja lili pachifuwa, kuseka kwakeko kukuwadula mpweya. Potsika anatembenukira kumbali ya kuboma n'kuomba m'manja kawiri.

Ndinayang'ana foni pamphasa. Inali itazima kale.

Ndiye kuti amai ankadziwa. Ankadziwa Loweruka lililonse limene foni yanga inkakhala yozima, ankadziwa kumene ndili ndi amene ndili naye. Sanandidzudzulepo. Ankangotsika pachulu, n'kudzayesanso Lolemba.

"Nanga n'cifukwa ciani munauza anthu kuti ni netiweki?" ndinafunsa.

"Unafuna nibauze ciani? Kuti amai anafa na ulemu kwa mkamwini wa mu foni? Bakanakudya wamoyo pamalilo paja. Ndiwe mufana wanga, olo ndiwe citsilu."

"Ndiye cifukwa cake simunipeja?"

Apa anasiya kuthothola. Anayang'ana cha kumjigo.

"Awe. Pa culu paja nikafika nimaona pamene anagwila na manja. Sinikwelapo."

Ndikanakonda kulemba kuti pamenepo ndinalira, kuti tinakumbatirana pansi pa mango. Sizinatero. Ndinamva ngati mwendo wadzanzi uja wayamba kubayabaya pang'ono, kenako unaleka. Ndinatenga mtengo wa mtedza n'kupitiriza. Patapita kanthawi ba sisi anandilanda, ati ndikusiya wambiri kumizu, ntchito ya mu ofesi inandiononga manja. Madzulo anandipakulira nkhwani zotendera zambiri kuposa za alamu. Sanandithamangitse, sanandiuzenso kuti wandikhululukira. Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu, tinadutsa chulu chija tonse tikuyang'ana kwina.

Nkhope ya bambo uja ikadali pagalasi. Ndayesapo kuichotsa kangapo. Koma ndi mwamuna yekhayo amene ndinabwera naye kwathu, ndipo amai anamupatsa moni. Ndamva kuti ali m'filimu ina imene ituluke posachedwa, abwereranso kukhala woyendetsa takisi. Ndidzaionera, ndikudziwa.

Foni yanga sinakwerenso ndege. Loweruka ndimachapa, ndimayanika, ndimagona pabedi ndi mahedifoni, foni ili yotsegula, timizere ta netiweki tonse tili todzaza. Mtsikana wa ku Kabwe amayamba kuimba, dontho limagwera m'ndowa, amakoka mpweya, amakweza mawu. Nyimbo imafika kumapeto popanda woidula.